Mabuku a matchona: chifukwa chake owerenga Chinyanja a m'mapulazi a ku Mashonaland saoneka m'mindandanda ya mabuku

Mu 2013 dziko la Zimbabwe linalandira malamulo aakulu atsopano. Gawo 6 la malamulowo limatchula zilankhulo 16 zovomerezeka ndi boma, ndipo popeza anaziyala motsata alifabeti, dzina loyamba pamndandandawo ndi Chewa. Kwa ana ndi zidzukulu za anthu amene anachoka ku Dedza, ku Chipata, ku Angónia ndi madera ena kukalima fodya wa azungu ku Mashonaland, chimenechi chinali chinthu chachikulu, pakuti kwa zaka pafupifupi 100 chilankhulo chawo chinkaonedwa ngati cha alendo ongodutsa. Komatu munthu wofuna kudziwa mabuku amene anthuwa ankawerenga m'makomboni a ku Mazowe, Bindura, Mvurwi, Banket kapena Karoi, akafufuza m'mindandanda ikuluikulu ya mabuku ya pa intaneti, sapeza zomukhutiritsa. Amapeza mabuku a Chinyanja olembedwa pansi pa Malawi ndi Zambia, amapezanso mabuku a Chingerezi ofotokoza moyo wa antchito a m'mapulazi, koma chosonyeza kuti m'mapulazimo munali owerenga Chinyanja chimasowa.

Kusoweka kumeneku sikutanthauza kuti anthuwo sankawerenga. Gwero lake lili m'kalembedwe ka mindandandayo. Wolemba mndandanda amafunsa kumene buku linasindikizidwa, boma limene linalilandira, ndi dzina la chilankhulo chake. Safunsa kumene bukulo linakathera, kapena manja amene analigwira mpaka chikuto kuthothoka. Pa mafunso atatu oyambawo, Chinyanja cha ku Mashonaland chinkagwera pampata nthawi zonse, ndipo mbiri ya momwe zimenezi zinachitikira ili ndi phunziro kwa aliyense amene lero akulowetsa mabuku a chilankhulochi m'makompyuta.

Njira ya ku Halale

Ulendo wopita kumwera unakula kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, pamene msonkho wa nyumba unkafuna ndalama zimene kumudzi kunalibe. Amuna ankayenda pansi kwa masabata angapo, kudutsa m'dziko la Apwitikizi, kuwoloka Zambezi ku Tete kapena ku Feira, n'kulowa mu Southern Rhodesia cha ku Mutoko kapena ku Mount Darwin. Malo oyamba kuwalandira anali migodi ndi mapulazi a kumpoto ndi kum'mawa kwa Salisbury, mzinda umene iwo ankautcha Halale. Ena ankagwera m'manja mwa bungwe lolemba antchito la Rhodesia Native Labour Bureau, limene linayamba mu 1903 ndipo antchito ankalitcha Chibalo chifukwa cha nkhanza za mapangano ake.

Mu 1935 komiti ya boma la Nyasaland, yotsogozedwa ndi Travers Lacey, inayerekeza kuti amuna okwana 120,000 anali kunja kwa dziko, ndipo ambiri mwa iwo anali ku Southern Rhodesia. Chaka chotsatira maboma a Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland anasainirana pangano loyendetsa nkhani ya antchito, ndipo m'nyengo yomweyo kunayamba malole aulere onyamula ofuna ntchito, amene anthu anangowatcha Ulere. Mu 1946 kunabwera bungwe lina lolemba antchito, lodziwika ndi dzina loti Mthandizi. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, fodya wochita kuwamba m'mabalani anapeza msika waukulu ku Britain, mapulazi anachuluka ku Trelawney, Tengwe, Centenary, Macheke ndi Marondera, ndipo m'zaka za m'ma 1950 oposa theka la antchito a m'mapulazi a azungu anali ochokera kunja kwa dzikolo. Amene sanabwererenso kwawo anatchedwa matchona.

Mayina awiriwa, Ulere ndi Mthandizi, ndi mawu a Chinyanja. Boma la Salisbury linkachidziwa bwino chilankhulochi pamene linkafuna manja ogwira khasu. Pa nkhani ya sukulu ndi mabuku, monga zionekere kutsogoloku, silinachiwerengere.

Zimene zinali m'bokosi lachitsulo

Ambiri mwa apaulendowa anali atadutsapo m'masukulu a m'midzi a mishoni za Nkhoma, Blantyre, Livingstonia, Likoma ndi za Akatolika, motero ankadziwa kuwerenga ndi kulemba m'chilankhulo chawo. N'chifukwa chake anthu a ku Nyasaland anatchuka pa ntchito za ukapitawo, ukalaliki ndi ukhukhi. Mu 1912 mishoni ya Dutch Reformed inatumiza M'busa T.C.B. Vlok ku Salisbury kuti akasamalire Akhristu a ku Nyasaland. Vlok ndi yemwe uja anatsegula mishoni ya Mvera pamodzi ndi A.C. Murray mu 1889. Kuchokera ku Salisbury, alaliki ankayendera migodi ndi mapulazi, ndipo timagulu ta mapemphero timene tinayambika m'makomboni ndi timene tinakula n'kukhala Sinodi ya Harare ya mpingo wa CCAP mu 1965.

Mapemphero amenewa ankafuna mabuku. Baibulo lonse la Chinyanja, Buku Lopatulika, limene ntchito yolimasulira inatsogozedwa ndi William Murray, linatuluka mu 1922. Panalinso buku la Nyimbo za Mulungu, Katekisma, ndi timabuku ta m'kalasi ya obatizidwa. Zonsezi zinkachokera kumpoto kwa Zambezi kapena kutsidya la nyanja, n'kufika m'komboni kudzera m'chikwama cha mlaliki kapena m'bokosi lachitsulo la munthu wobwera kumene. M'bokosi lomwelo munkakhala makalata ochokera kumudzi, chitupa, ndi khadi la mpingo. Munthu mmodzi wodziwa kuwerenga ankawerengera anzake ambiri, kotero buku limodzi linkatumikira komboni yonse.

Si mipingo ya mishoni yokha imene inkabweretsa zowerenga. Chiphunzitso cha Watch Tower chinafika m'migodi ya Southern Rhodesia ndi antchito a ku Nyasaland, ndipo akuluakulu a boma ankachiyang'ana ndi diso lokayika, makamaka itachitika sitalaka ya pamgodi wa Shamva mu 1927, pamene ambiri mwa onyanyala ntchito anali ochokera ku Nyasaland. Mu 1936 kunakhazikitsidwa lamulo la Sedition Act, mabuku ena a Watch Tower analetsedwa, ndipo pa nthawi ya nkhondo chiletsocho chinakula. Chotsatira chake n'chakuti umboni wina wakale wa zimene antchito ankawerenga uli m'mafayilo a apolisi ndi a ma Native Commissioner, amene ankalemba mayina a mabuku pofuna kuwalanda, osati pofuna kuwasunga.

Panalinso manyuzipepala. Kampani ya African Newspapers ya ku Salisbury inkatulutsa African Weekly, imene inkakhala ndi nkhani za Chingerezi, Chishona ndi Chinyanja, ndipo mtolankhani wa ku Nyasaland, Elias Mtepuka, anakhalapo mkonzi wake. Masamba a Chinyanja amenewa analembedwa ndi kusindikizidwa m'dziko la Southern Rhodesia momwemo, pofuna owerenga a m'dzikomo ndi a kumpoto. Koma nyuzipepala imalowa m'ndandanda ndi dzina lake la pamwamba, ndipo dzinalo likakhala la Chingerezi, masamba a m'kati a chilankhulo china amabisika kwa wofufuza, pokhapokha wolemba mndandanda atakhala ndi khama lotchula zilankhulo zonse.

Sukulu sinathandize. Antchito a m'mapulazi ankalamulidwa ndi Masters and Servants Act ya 1901, imene inagwira ntchito mpaka kumapeto kwa ulamuliro wa azungu, ndipo kukhala ndi sukulu papulazi kunkadalira mtima wa mwini pulaziyo. Kumene sukulu inalipo, ana ankaphunzira Chishona ndi Chingerezi. Bwana ndi antchito ankamvana m'Chilapalapa. Motero kuwerenga Chinyanja kunatsalira m'tchalitchi ndi m'nyumba, malo amene alibe kaundula wa mabuku.

Amene ankalemba mindandanda

Nkhokwe ya zolemba za boma la Southern Rhodesia inatsegulidwa mu 1935, ndipo mkulu wake woyamba anali V.W. Hiller. Mu 1947 ntchito yake inakulitsidwa kufikira ku Northern Rhodesia ndi ku Nyasaland, dzina linasintha kukhala Central African Archives, ndipo nthambi ina inatsegulidwa ku Zomba. Malamulo otchedwa Printed Publications Act ankalamula kuti aliyense wotulutsa buku apereke kope ku nkhokweyi. Kuchokera pa makope operekedwawo ndi pamene pankapangidwa mndandanda wa mabuku a dziko.

Njira imeneyi ndi yabwino, ndipo popanda iyo mabuku ambiri akadazimiririka. Koma imawerenga buku pakhomo la wosindikiza. Buku lotuluka ku Nkhoma ndi la Nyasaland, lotuluka ku Lusaka ndi la Northern Rhodesia, ngakhale makope ake ochuluka atakagulidwa ndi anthu a ku Bindura. Kuyambira 1947 mpaka 1963, bungwe limodzi lokhala ndi likulu ku Salisbury linkayang'anira zolemba za mayiko onse atatu, ndipo likululo linali pamtunda waufupi kuchokera ku mapulazi a m'chigwa cha Mazowe. Ngakhale zinali choncho, kalembedwe ka mndandanda kanalibe malo olembapo owerenga. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitatha mu 1963, nkhokweyo inagawidwa patatu, ndipo dziko lililonse linayamba kutulutsa mndandanda wake: Rhodesia National Bibliography kumwera, Malawi National Bibliography ku Zomba. Matchona anatsala pakati. Kwawo kwa makolo ankawerenga mabuku osawerenga iwo, ndipo kumene ankakhala, mabuku awo sankawerengedwa.

Chifukwa chachiwiri chinali mfundo za boma pa zilankhulo. Mu 1931 katswiri wa zilankhulo Clement Doke anapereka lipoti lake logwirizanitsa malankhulidwe a Chizezuru, Chikaranga, Chimanyika, Chikorekore ndi Chindau kukhala Chishona chimodzi cholembedwa. Kuyambira pamenepo, Chishona ndi Chindebele ndizo zinakhala zilankhulo za Afirika za m'sukulu ndi m'mabuku a dzikolo. Bungwe la boma lolimbikitsa olemba, Literature Bureau, limene linayamba m'zaka za m'ma 1950, linatsata njira yomweyo, ndipo mwa zipatso zake zoyamba panali buku la Chishona la Solomon Mutswairo lotchedwa Feso, la mu 1956. Mabuku a Chinyanja anali ntchito ya bungwe lina, Northern Rhodesia and Nyasaland Joint Publications Bureau, limene linakhazikitsidwa ku Lusaka mu 1948 ndipo linkagwirizana ndi makampani monga Longmans, Macmillan ndi Oxford University Press. Kagawidwe kameneka kanatanthauza kuti mnyamata wa ku Mvurwi wokhala ndi luso lolemba nthano m'Chinyanja analibe khomo logogoda m'dziko limene ankakhala. Motero mabuku a Chinyanja olembedwa pansi pa Rhodesia anakhala ochepa kuyambira pachiyambi.

Chilankhulo chimodzi, mayina ambiri

Chifukwa chachitatu ndi chimene chimasautsa ofufuza mpaka lero. Dikishonale ya Johannes Rebmann, imene anaisonkhanitsa kufupi ndi Mombasa mothandizidwa ndi Salimini, munthu wogwidwa ukapolo kuchokera m'chigawo chapakati cha Malawi, inatuluka mu 1877 ndi dzina la chilankhulo loti Kiniassa. Ya David Clement Scott ya mu 1892 inati Mang'anja. Alexander Hetherwick ataikonzanso mu 1929 anati Nyanja. Mark Hanna Watkins, amene anagwira ntchito ndi Kamuzu Banda ku Chicago, anatcha galamala yake ya mu 1937 kuti ya Chichewa. Mu 1968 msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party unagamula kuti dzina la chilankhulo cha fuko likhale Chichewa, pamene Zambia ndi Mozambique anapitiriza kunena kuti Cinyanja. Zimbabwe inasankha Chewa.

Malaibulale a kunja anatsata njira zawo. Malcolm Guthrie anaika Nyanja, Cewa ndi Mang'anja pansi pa nambala imodzi ya N.31. Mitu ya nkhani ya Library of Congress ya ku America, imene malaibulale ambiri padziko amatengera, ili ndi Nyanja ngati chilankhulo, ndi Chewa padera ngati kalankhulidwe ka m'chilankhulocho. Ndiye kuti mabuku awiri a chilankhulo chimodzi akhoza kukhala pa mashelefu otalikirana, ndipo wofufuza amene walemba dzina limodzi lokha amaona mbali imodzi yokha ya nkhokwe.

Kalembedwe ka mawu kanawonjezera chisokonezo. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, mabuku ambiri ankalemba c pamene lero ku Malawi pamalembedwa ch. Bungwe la Chichewa Board, lokhazikitsidwa mu 1972, linatulutsa malamulo ake a kalembedwe mu 1973, ndipo anakonzedwanso mu 1980 ndi mu 1990. Zambia, m'malamulo ake a mu 1977, inasunga c. Buku la Archibald Makumbi la mu 1955 linatuluka ndi mutu woti Maliro ndi Myambo ya Acewa, ndipo makope a pambuyo pake amati Maliro ndi Miyambo ya Achewa. Kwa munthu ndi buku limodzi, koma kompyuta imaona mabuku awiri. Dzina la mlembi wa Nthondo, buku la mu 1933 limene linapambana mpikisano wa International Institute of African Languages and Cultures, limapezeka ngati Ntara, Nthara kapena Nthala. Mabuku amene anali m'makomboni a ku Mashonaland ambiri anali a kalembedwe kakale, chifukwa eni ake anachoka kwawo kusinthaku kusanachitike, ndipo makope atsopano sankawafika mosavuta.

Mndandanda wa mu 1976

Ntchito yaikulu yosonkhanitsa mayina a mabuku a chilankhulochi pamalo amodzi inachitika ku University of Malawi. Mu 1976, S.M. Made, M.V.B. Mangoche Mbewe ndi R. Jackson anatulutsa mndandanda wa zolembedwa m'Chichewa wa zaka 100, kuyambira 1875 mpaka 1975. Chaka cha 1875 ndi chimene amishoni a Livingstonia anafika pa Cape Maclear. Made pambuyo pake anakhala mkulu wa laibulale ya University of Zimbabwe, kotero kuti mmodzi mwa anthu amene anadziwa bwino kwambiri mabuku a Chichewa anakagwira ntchito ku Harare komweko. Mu 1994 Michael Mann ndi Valerie Sanders anatulutsa mndandanda wa mabuku a zilankhulo za mu Afirika osungidwa ku School of Oriental and African Studies ku London, ofika chaka cha 1963, ndipo m'menemo muli gawo la Chinyanja.

Mindandanda iwiriyi ndi maziko amene wofufuza aliyense ayenera kuyambirapo. Imathandiza kuzindikira buku lopanda chikuto, kudziwa chaka chimene linatuluka koyamba, ndi kusiyanitsa makope. Komabe inalembedwa kuchokera pa mashelefu a malaibulale, ndipo cholinga chake chinali kutchula mabuku, osati kulondola ulendo wawo. Timapepala ta mapulogalamu a misonkhano ya mpingo, timabuku ta malamulo a mabungwe othandizana pa maliro, nyimbo za makwaya zochulukitsidwa pa makina a m'ofesi, zonsezi sizinkadutsa kwa wosindikiza wodziwika, choncho zinalibe njira yolowera m'ndandanda uliwonse.

Ngakhale akatswiri a mbiri amene analemba bwino za anthuwa analemba m'Chingerezi. Charles van Onselen anatulutsa Chibaro mu 1976, Steven Rubert analemba za fodya ndi antchito ake mu 1998, Blair Rutherford anafotokoza za mapulazi a ku Hurungwe mu 2001, Anusa Daimon anamaliza kafukufuku wake wa Amalawi a ku Zimbabwe mu 2015, ndipo Zoë Groves anatulutsa buku lolondola matchona mu 2020. Mabuku onsewa amapezeka mosavuta pa intaneti. Ndiye kuti mawu onena za antchito ali ndi malo m'ndandanda, pamene mawu amene antchitowo ankawerenga ndi kulemba alibe.

Kubalalika kwa chaka cha 2000

Zimbabwe italandira ufulu mu 1980, zinthu zina zinasintha. Wailesi ya boma inapereka nthawi kwa zilankhulo za anthu ochepa, ndipo Chichewa chimamveka pa National FM. Mu 1998 Simooya Hachipola anatulutsa kafukufuku wa zilankhulo zimenezi ku University of Zimbabwe, ndipo Chinyanja chinali m'gulumo. Oimba a sungura obadwira m'madera a mapulazi, monga Alick Macheso wa ku Shamva, analowetsa Chichewa m'nyimbo zomveka dziko lonse. Chilankhulo chinakhala ndi moyo pakamwa ndi pa ng'oma, koma m'mabuku chinangodalirabe zochokera ku Malawi.

Kenako kunadza ntchito yogawanso malo mofulumira, imene inayamba mu 2000. Pa nthawiyo m'mapulazi akuluakulu munkagwira ntchito anthu oposa 300,000. Lipoti la Lloyd Sachikonye la mu 2003 linasonyeza kuti pafupifupi 200,000 anali atataya ntchito, ndipo amene analandirako malo anali ochepa kwambiri. Lamulo la unzika la mu 2001 linachititsa kuti ambiri obadwira mu Zimbabwe, koma makolo awo ali ochokera ku Malawi, Zambia kapena Mozambique, apezeke alibe dziko. Malamulo a mu 2013 ndiwo anabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo amene kholo lawo linali nzika ya dziko la SADC. Pakati pa zaka zimenezi mabanja anasamuka mothamanga, ena kupita m'malo monga Lydiate kufupi ndi Norton kapena Epworth kufupi ndi Harare, ena kukakumba golide, ena kubwerera kudziko limene sanalionepo.

Munthu wosamuka mwadzidzidzi amanyamula mwana, mphika ndi bulangete. Matchalitchi a m'makomboni, amene ankasunga kaundula wa obatizidwa ndi mabuku a nyimbo, anabalalika pamodzi ndi anthu ake. Buku lolembedwa m'ndandanda likatayika, anthu amadziwa chimene chasowa ndipo amatha kufunafuna kope lina. Buku losalembedwa paliponse likapsa kapena likadyedwa ndi chiswe, palibe wozindikira kuti linaliko. Ngakhale mwambo umene sukhala papepala unakumana ndi zofanana: mu 2005 UNESCO inalengeza Gule Wamkulu kukhala chuma cha anthu onse m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia, pamene madambwe a m'mapulazi ndi m'migodi ya Zimbabwe, amene akhala akuvina kwa mibadwo ingapo, sanatchulidwe.

Zida za lero ndi malire ake

Mindandanda ya pa kompyuta inachokera pa ndondomeko ya MARC, imene Library of Congress inakonza m'zaka za m'ma 1960 motsogozedwa ndi Henriette Avram. M'ndondomekoyi chilankhulo chilichonse chili ndi chizindikiro cha zilembo zitatu, ndipo cha Chinyanja kapena Chichewa ndi nya. Chizindikirochi ndi chithandizo chachikulu, pakuti chimamanga pamodzi zimene mayina anabalalitsa: Kiniassa, Mang'anja, Cinyanja ndi Chewa zonse zimakumana pa nya, malinga ngati wolowetsa buku wachiika. WorldCat, mndandanda wogwirizana wa malaibulale a mayiko ambiri, inatsegulidwa kwa aliyense pa intaneti mu 2006. LibraryThing, imene inayamba mu 2005, imalola munthu wamba kulemba mabuku a m'nyumba mwake, ndipo Open Library, ya mu 2006, imalola aliyense kuwonjezera buku limene mulibe kapena kukonza zolakwika. Kwa nthawi yoyamba m'mbiri imeneyi, kulowetsa buku m'ndandanda sikudikira chilolezo cha boma kapena cha wosindikiza.

Komabe zidazi zinatengera zilema za makolo ake. WorldCat imaonetsa zimene malaibulale olembetsa ali nazo, ndipo ambiri mwa malaibulalewo ali ku America ndi ku Ulaya. Mapulogalamu a pafoni ozindikira buku amadalira nambala ya ISBN, imene inavomerezedwa padziko lonse mu 1970. Mabuku a m'nthawi ya Ulere ndi Mthandizi alibe nambalayi, choncho foni siwaona, ndipo ayenera kulembedwa pamanja. Ngakhale pa mabuku atsopano, nambalayi imasokeretsa. Malawi ali ndi chiyambi chake cha 99908 ndipo Zambia ili ndi 9982, koma Zimbabwe ili m'gulu la mayiko olankhula Chingerezi, la manambala oyamba ndi 0 kapena 1. Buku la Chichewa lotuluka ku Harare silidziwika ndi nambala yake kuti ndi la chilankhulo chiti.

Phunziro la mbiriyi kwa wolowetsa mabuku ndi lomveka. Mutu wa buku uyenera kulembedwa ndendende monga uli patsamba loyamba, ndi c, ndi mau m'malo mwa mawu, popanda kuukonza. Kalembedwe katsopano kakhale mutu wachiwiri wothandiza ofufuza. Dzina la mlembi lilembedwe monga lili pabukupo, ndipo malembedwe ena a dzinalo alumikizidwe. Chizindikiro cha nya chisasowe, ngakhale pa nyuzipepala kapena buku la nyimbo la zilankhulo zingapo. Pamene chaka chosindikizira palibe, ndi bwino kunena kuti palibe kusiyana ndi kungoganizira. Timapepala ta mpingo ndi ta mabungwe a maliro tiyenera kulandiridwa ngati mabuku ena onse.

Choposa zonse ndi chimene mindandanda yakale inalibe malo ake: mbiri ya kope lenilenilo. Chidindo cha mpingo, dzina la pulazi lolembedwa ndi pensulo m'kati mwa chikuto, mtengo wa mashiling'i, chaka chimene buku linagulidwa, masiku a kubadwa kwa ana olembedwa patsamba lomaliza la Baibulo, zimenezi ndizo umboni woti ku Banket kapena ku Shamva kunali owerenga. Mindandanda ya lero ili ndi malo olembapo ndemanga zotere. Dzina la pulazi, la mpingo ndi chaka n'zokwanira; mayina a anthu amoyo asaikidwe poyera popanda chilolezo cha banja, makamaka pokumbukira kuti kwa anthu amenewa nkhani ya kumene kholo linachokera inakhalapo nkhani yotayitsa unzika. Bukulo lokha lisachoke m'manja mwa eni ake. Chofunika ndi chithunzi cha tsamba loyamba ndi mizere ingapo yolifotokoza.

Ntchitoyi singatheke ndi dziko limodzi. Wa ku Zomba ali pafupi ndi makope operekedwa mwalamulo, wa ku Lusaka ali pafupi ndi zotsala za Publications Bureau, wa ku Tete amadziwa mabuku a mishoni za ku Angónia, ndipo wa ku Norton kapena ku Bindura ndiye angagogode pakhomo pamene pali bokosi lachitsulo. Mutu umodzi susenza denga. Ana amene anabadwira m'makomboni m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, amene amakumbukira mlaliki amene anabweretsa buku ndi komboni imene linawerengedwa koyamba, tsopano ndi okalamba. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Buku limene likadali m'bokosi, losalembedwa paliponse, lili pachala.